Nyimbo ya anganga pa malipenga: tiilembe bwanji?

Aphunzitsi Luchenza: Moni nonse pagulu pano. Ofuna kuseka sekani, koma mukatha mundithandize. Chaka chatha pasukulu pathu tinalandira zida za bandi za mphatso: makoneti 6, mahoni 2, yufoniyamu imodzi, matromboni 2, besi imodzi yoti mukaiona mungati inafukulidwa m'munda wa tiyi, ng'oma yaikulu ndi ziwiri zazing'ono. Ana aphunzira kuliza ndithu. Tsono ahedi akufuna kuti mu Novembala, sabata yokumbukira asilikali a nkhondo zikuluzikulu, tigube pabwalo ndi nyimbo ziwiri kapena zitatu. Ndinatsitsa pepala la nyimbo yogubira ya Colonel Bogey pa intaneti, ndinapanga mafotokope 12, aliyense lake, ine n'kukhala pa kiyibodi kuti ndiziwatsogolera. Dzulo titangoyamba, agalu a alonda anathawira kuseri kwa zimbudzi. Zala za ana ndaziyang'ana, akudina molondola. Koma chotulukacho si nyimbo. Ndaphonya pati?

Ankolo a Tiyi: Ooh, phokoso la dzulo madzulo lija munali inu? Ife timayesa sitima ya ku Makhanga yayambanso kuyenda kkkkk

Sajeni Wopuma: Aphunzitsi, ana musawakalipire kaye. Tandiuzani, pamwamba pa pepalalo palembedwa chiyani? Solo Cornet? Conductor? Piano?

Aphunzitsi Luchenza: Palembedwa Piano, bambo.

Sajeni Wopuma: Basi, nthenda taipeza. Malipenga amenewa amanama chibadwire. Mwana wa koneti akaona C papepala n'kuliza, khutu limamva B fulati. Wa honi akaona C yemweyo, chotuluka ndi E fulati. Inu pa kiyibodi C wanu ndi C weniweni. Ndiye nonse mukuloza chilembo chimodzi, koma wina akuyankhula Chilomwe, wina Chiyao, wina Chisena. Agaluwo sanalakwe.

Nyimbo ya bandi sikhala pepala limodzi. Imabwera mpukutu, chida chilichonse ndi kapepala kake, kolembedwa mu kiyi yake. Kumbukirani izi: ngati khutu likufuna kumva E fulati, koneti ilembedwe mu F, honi ilembedwe mu C. Ngati khutu likufuna B fulati, koneti mu C, honi mu G. Nthawi zonse honi imakhala ndi shapu imodzi yoonjezera poyerekeza ndi koneti, kapena fulati imodzi yochepa. Kiyibodiyo, mukafuna kuwerenga pepala la koneti, itsitseni ndi 2 pa batani la transpose.

Aphunzitsi Luchenza: Ambuye! Ndiye milungu itatu yonseyi ndakhala ndikuvutitsa ana osalakwa. Nanga matromboni? Mapepala ena omwe ndaona ali ndi chizindikiro cha besi kumayambiriro, ana anga anaphunzira cha treble chokha.

Sajeni Wopuma: Anaphunzira bwino. Mu bandi ya malipenga okhaokha ya kalembedwe ka ku Britain, onse amawerenga treble kupatula bass trombone. N'chifukwa chake mwana wa koneti mutha kumusamutsira pa yufoniyamu osasintha kadinidwe ka zala. Mapepala a ku America ndiwo amakonda kulembera tromboni ndi tuba mu bass clef. Koma pali kanzeru kena. Ngati besi yanu yofukulidwayo ndi ya E fulati, mwana atenge pepala la bass clef, aziliona ngati la treble, n'kuonjezapo mashapu atatu. Amaliza molondola osadziwa kuti wachita masamu.

Junior wa pa Chonde: Madala Sajeni ulemu wanu, koma masiku ano sitifunika kuwerenga pa zala. Pulogalamu ya pa kompyuta yolembera nyimbo ya MuseScore ndi yaulere. Mulemba nyimbo kamodzi, imasinthira yokha chida chilichonse, n'kukutulutsirani timapepala. Mipukutu yakale yambiri ya mamatchi imapezekanso pa intaneti, pa IMSLP ndi malo ena osunga nyimbo zomwe eni ake anamwalira kalekale. Vuto ndi bandulo basi.

Sajeni Wopuma: Ndi magetsi, mwana wanga. Pabwalo la perete kompyuta sibwera. Koma sindikutsutsa, ilembeni, ine maso anatha.

Mayi a Kwaya Chitakale: Ine ndaliwerenga phunziro lonseli ndipo mutu ukuwawa. Inu a malipenga mumadzivuta dala. Ife a solofa, doh ndi doh, kaya mwamuika pa F kaya pa G. Ana ambiri a kuno akula ndi solofa m'makwaya a mpingo. Bwanji osayamba kuwaimbitsa pakamwa, d r m f s, nyimbo ikhazikike m'khutu, kenako atenge zitsulozo? Mwana amene sangathe kuimba mzere pakamwa sangaulize pa lipenga, amangodina ngati akulemba meseji.

Sajeni Wopuma: Apo Mayi mwalasa. Ifenso tinkatero, woyang'anira bandi ankatiimbitsa kaye. Kungoti pa lipenga doh akasuntha, zala nazo zimasuntha, ndiye sitafu siithawika.

Mdzukulu wa Keyala: Pepani kulowerera akuluakulu. Ine za mashapu sindizidziwa, koma ndili ndi funso. Tsiku lokumbukira asilikali athu, bwanji nyimbo zonse zikhale za azungu? Agogo anga aamuna anali msilikali wa Keyala, anapita mpaka ku Burma. Anamwalira ndili wamng'ono, koma anganga alipo kuno ku Limbuli, ndipo pali nyimbo ina amaimba akamasenda chinangwa. Kwathu tonse timaitcha nyimbo ya ku nkhondo. Imakamba za munthu amene wasiya chimanga chosapalira, ndipo sakudziwa ngati adzachipeze. Ndawajambula pafoni mmawa uno, mverani. Kodi singalowe m'malipengamo?

Ankolo a Tiyi: Eee achemwali, tsitsi landiimirira. Mawu amenewo ndi a munthu wa zaka zingati?

Mdzukulu wa Keyala: Chiphaso chimati anabadwa 1936, iwo amati chiphaso chinawachepetsa.

Mlembi wa ku Thekerani: Funso la achemwaliwa ndi lomwe ndimadikira. Colonel Bogey ndi nyimbo yabwino kugubira, palibe akutsutsa. Inalembedwa mu 1914 ndi F. J. Ricketts, woyang'anira bandi ya asilikali a Britain, amene ankasindikiza nyimbo zake pa dzina loti Kenneth J. Alford. Anthu ambiri anaidziwira mu kanema wa 1957 uja wa akaidi a nkhondo omanga mlatho pa mtsinje wa Kwai, mmene ankaiimba ndi likhweru. Koma chaka chomwecho cha 1914 nkhondo inali kale pakhomo pathu. Mu Ogasiti sitima ya Guendolen inakawombera n'kuwononga sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu, mu Seputembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. King's African Rifles, yomwe makolo anaitcha Keyala, inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba anali a kuno ku Nyasaland. Pa nkhondo yoyambayo, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, amuna a kuno pafupifupi 19,000 anavala yunifolomu. Anthu amenewa sankayenda chete. Ankaimba m'zinenero zawo. George Shepperson, mzungu amene anali ndi asilikali a kuno ku Burma ndipo pambuyo pake anadzakhala katswiri wa mbiri ya Chilembwe, analembapo za nyimbo zimenezi. Zambiri sizinali zotamanda mfumu ya ku London ayi. Zinali za njala, za kusowa kwawo, za kusadziwa komwe akupita.

Bambo a ku Goliati: Ine ndinene mosabisa. Zoti ana athu aziguba ndi nyimbo za atsamunda sindizimvetsa. Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo yosakhala yawo. Patangopita miyezi iwiri anaukira, kumayambiriro kwa Febuluwale 1915 anaphedwa chakuno komwe. Lero tikuphunzitsa adzukulu ake nyimbo ya omwe anamupha?

Sajeni Wopuma: Achimwene, ndakumvani ndipo sindikunyozani. Koma ine ndalizapo lipenga pa chipilala cha ku Zomba kangapo, madala ovala mamendulo atakhala kutsogolo pa mipando. Sitinkalizira ufumu wa Britain. Tinkalizira iwowo ndi anzawo omwe sanabwerere. Ndaona mdala wosatha kuyenda akuyesa kudzuka atamva ng'oma yaikulu. Nyimbo zimenezo zinalowa m'miyendo yawo, kaya tifune kaya tisafune.

Bambo a ku Goliati: Ulemu kwa madalawo ndili nawo. Koma ya angangayo ikhale patsogolo, ya Bogey ibwere pambuyo.

Adimini: Mfundo zonse zamveka. Tisapitirire mpaka kukafika ku ndale za lero, mukudziwa mmene gulu lina lija linathera.

Junior wa pa Chonde: Ndagona 2 koloko usiku. Nyimbo ya anganga ija ndailemba. Ndaiika mu 2/4, masitepe 120 pa mphindi monga mmene matchi imakhalira, B fulati. Ndayamba ndi mabala 4 a makoneti onse pamodzi, kenako nyimboyo kawiri, kachiwiri matromboni ndi besi alanda, ndiye ndapeka trio, gawo lofewa la matchi, mu E fulati chifukwa ndinawerenga kuti trio imaonjezera fulati imodzi. Ndaika PDF komanso mmene kompyuta ikuilizira. Ndiuzeni.

Ankolo a Tiyi: Iyi ndiye yovinira pa chinkhoswe! Junior ndiwe dolo.

Aphunzitsi Luchenza: Ikukoma kwambiri, ndipo ana anga angaikwanitse. Kungoti koneti yoyamba yakwera mpaka A wa pamwamba pa mizere, pamenepo milomo ya ana a Fomu 2 siifika.

Sajeni Wopuma: Mwana wanga, pa kamangidwe wakhoza. Umo ndi mmene matchi imakhalira: poyambira, gawo loyamba, gawo la mabesi, trio yofewa. Besi pa phazi la kumanzere, mahoni akudzaza pakati. Ana asapitirire G. Ng'oma yaikulu izigwera phazi lamanzere, osaiwala. Koma pali china chikundikanda, sindinachigwire bwinobwino. Ndimverenso.

Mayi a Kwaya Chitakale: Chomwe chikukukandani Bambo Sajeni ndikuuzani ine. Imeneyo si nyimbo ya anganga. Junior usakhumudwe, ntchito wagwira, koma wawaveka anganga jombo za asilikali.

Choyamba, imbani mawu awo motsatira kompyutayo muone ngati atuluke. Ine ndayesa kukhitchini, lilime linakana. Pa Chichewa, mawu akamathera chiganizo timakoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, yomaliza imangogwa pang'ono. Nenani kuti chimanga, mumve pomwe mpweya ukukhalitsa: pa ma, osati pa nga. Anganga akuimba chomwecho. Koma matchi ya chizungu imafuna kuti notsi yomaliza igwe mwamphamvu pa ng'oma, ndiye Junior wakankhira nga pamenepo. Zikumveka ngati mzungu wa mishoni akuwerenga kalata ya Aefeso.

Chachiwiri, mawu athu ali ndi kukwera ndi kutsika kwawokwawo. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amasiyana pa kamvekedwe basi. Woimba wa kumudzi sapikisana ndi zimenezi, nyimbo imatsata mawu. Mzere uliwonse wa anganga ukuyambira pamwamba n'kumatsetsereka ngati madzi a Likhubula. Junior pa bala 7 wakweza kuti zikome, wapha tanthauzo.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, mwamva pomwe anganga akumapuma? Sikutopa kumene kuja. Akusiyira malo oyankha. Nyimboyi ndi ya wotsogolera ndi ovomera, kungoti ovomerawo anatha onse kumwalira, ndiye akuimba okha mbali imodzi, ina akungoing'ung'udza. Iwe mipata imeneyo wadzazamo tizokometsera ta makoneti.

Junior wa pa Chonde: Mayi mwandivula pagulu kkkk. Koma zoona, mipata ija inandivuta, ndimayesa anaiwala mawu. Komanso nthawi yake sinkakhala bwino mu 2/4, ndinachita kudula manotsi ena kuti akwane.

Mayi a Kwaya Chitakale: Waona? Ukadula chala kuti nsapato ikwane. Womba m'manja motsatira mpeni wawo wosendera chinangwa, ukumveka mu rekodingimo. Pa kugunda kulikonse pali tizigawo titatu, osati tiwiri. Yesa 6/8.

Sajeni Wopuma: Ndi chimenecho! 6/8. Ndipo musaope, mamatchi a 6/8 alipo ambirimbiri, asilikali amagubira bwinobwino, thupi limachita kunjanja. Mayi, mukanalowa usilikali mukanativutitsa.

Mlembi wa ku Thekerani: Ndiponyeko kambali. Zomwe tikulimbana nazo pano makolo anazichita kale popanda pepala. Dzina loti beni likuchokera ku band. Gule ameneyu anayambira kugombe la East Africa cha m'ma 1890, anthu akutsanzira perete wa asilikali, ndipo anafalikira kuno makamaka ndi obwerera ku nkhondo yoyamba. Kwa Ayao ndi beni, ku Nkhata Bay ndi malipenga, m'chigawo chapakati ndi mganda. Analibe makoneti, anatenga zikho n'kumata kabowo ndi nembanemba ya kangaude, woimba n'kumang'ung'udzira mkati. Zikho zazing'ono mawu apamwamba, zazikulu mabesi. Bandi yathunthu! Maudindo anatengera, mizere anatengera, wisulo anatengera, koma nyimbo zinakhala zathu, zotsogolera ndi kuvomera, zina zonyoza mabwana omwewo. Hugh Tracey anajambula zambiri za mtundu umenewu kuno m'ma 1950, zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Chikho chili ndi mwayi umene koneti ilibe: chimatsata mawu a munthu ndendende, ngakhale tija timanotsi togwera pakati pa makiyi a piyano.

Ankolo a Tiyi: Ife a tchopa mwatiiwala? Mukaika ng'oma zathu pansi pa malipengawo ndiye pabwalo padzaza, ahedi avina okha.

Sajeni Wopuma: Ankolo, ana akamva ng'oma za tchopa palibe agube molunjika. Mzere udzakhala ngati njira ya ku Thekerani.

Mlembi wa ku Thekerani: Msewu wathu mwaupeza pati tsopano, unakonzedwa kkkk

Junior wa pa Chonde: Ndaikonza. 6/8, G ndiye pamwamba, mipata ndasiya. Liwiro likadali 120. Achemwali a ku Limbuli, kawamvetseni anganga atipatse malikisi.

Mdzukulu wa Keyala: Ndabwera ndi malikisi anu, koma khalani pansi kaye.

Ndawaikira foni pakhutu. Poyamba aseka mpaka kutsokomola. Ati akuthamangira kuti anyamatawa, akuthawa njuchi? Kenako anakhala chete, n'kundifunsa kuti ndani anakuuzani kuti nyimboyi ndi ya amuna anga. Ine ndinati tonse timadziwa choncho. Ati ayi. Agogo aamuna za ku Burma sankazikamba, ankangoti kunali mvula yosatha ndi matope ofika m'mawondo, ndipo nyimbo zawo ankaimba akakhala ndi anzawo a Keyala okhaokha, pamowa. Iyi ndi ya bambo awo a anganga. Iwo sanagwirepo mfuti. Anagwidwa pamudzi ali mnyamata, anawasenzetsa katundu, n'kuwaolotsa Muloza kulowa kwa Apwitikizi. Anali a mtengatenga. Ati ankaiimba akuyenda mumzere, bokosi lili pamutu, mmodzi kutsogolo akuyambitsa, ena onse akuvomera kuti adziwe ngati wakumbuyo akadali moyo.

Ine zaka zonsezi ndimauza anthu kuti ndi nyimbo ya ku Burma. Ndachita manyazi, komanso ndalira pang'ono, sindinama.

Mayi a Kwaya Chitakale: Mwana wanga, palibe cha manyazi. Ukanapanda kufunsa zikanapita nawo.

Mlembi wa ku Thekerani: Zikugwirizana ndi mbiri. Mkulu wa asilikali a Jeremani, von Lettow-Vorbeck, anaoloka Ruvuma kulowa ku Mozambique mu Novembala 1917, ndipo chaka cha 1918 ankamuthamangitsa m'dziko la Alomwe kuseri kwa phiri lathuli la Mulanje. Kumapeto kwa Ogasiti 1918 kunamenyedwa nkhondo yoopsa ku Lioma, chakufupi ndi Gurue, ndipo a Keyala a kuno anali momwemo. Kunalibe misewu ya galimoto, nyama zonyamula katundu zinkafa ndi kashembe, choncho ufa, zipolopolo, mankhwala, zonse zinkayenda pamitu ya anthu. Asilikali ndinati 19,000, koma a mtengatenga ochokera ku Nyasaland ankayandikira 200,000. Pa msilikali mmodzi, onyamula khumi. Ambiri anafa ndi njala, kamwazi, kenako chimfine cha 1918. Mjeremaniyo anadzagonja pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, patatha milungu iwiri nkhondo itatha ku Ulaya. Pa 11 Novembala pomwe timakhala chete paja, anthu athu anali akadasenza.

Za asilikali a ku Burma angangawo akunena zoona. Gulu la 11th East African Division linatsika chigwa cha Kabaw mkati mwa dzinja la kumeneko mu 1944 mpaka kukafika ku mtsinje wa Chindwin. Matope amene ankanena agogo anuwo ndi amenewo.

Bambo a ku Goliati: Ndiye mwaona. Wonyamula katundu alibe mendulo, alibe matchi, alibe dzina pachipilala. Aphunzitsi, nyimbo yanu yoyamba ndi imeneyo.

Sajeni Wopuma: Ndakhala ndikuyenda pakhonde pano ndi ndowa ya madzi pamutu, akazi anga akuyesa ndapenga. Ndimafuna kumva liwiro lake. Munthu wosenza makilo oposa 20, wopanda nsapato, wanjala, sayenda 120. Ndawerenga mpeni wa anganga ndi wotchi, ukugunda cha m'ma 70 pa mphindi. Ndi pafupi ndi slow march yathu, imene imakhala 60 kapena kupitirira pang'ono. Junior, tenga pensulo.

Poyambira paja fufuta. Trio fufuta, ndi yokoma koma isunge, udzaipezera nyimbo ina. Ng'oma zazing'ono zikhale chete, zimenezo ndi za anthu a mfuti. Ng'oma yaikulu yokha, mofewa, kamodzi pa sitepe. Wotsogolera akhale yufoniyamu, chifukwa pa zida zonsezi ndi yomwe imayandikira mawu a mwamuna wotopa. Ovomera akhale mahoni ndi matromboni. Makoneti asalowe mpaka ulendo wachiwiri, ndipo akalowa asakwere, angotsata mahoni. Besi igwire manotsi awiri okha, doh ndi soh. Makodi ambirimbiri a m'buku la nyimbo za mpingo usaikemo. Mayi a Kwaya akuuza mmene ovomera a kumudzi amagawanira mawu.

Mayi a Kwaya Chitakale: Amangoyenda limodzi, wina pamwamba wina pansi pake, mtunda womwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Aphunzitsi a nyimbo za chizungu amati n'kulakwa, ife timati ndi kuimba. Junior kompyuta ikakulembera zofiira uisiye. Ndipo ine ndikanakonda ulendo wachitatu malipenga atsike pansi, ana aimbe ndi pakamwa. Anthu amve za chimanga chosapaliracho. Lipenga silitchula mawu.

Sajeni Wopuma: Ndavomera. Komanso milomo ya ana ipumeko, chifukwa ikangotha imeneyo pakubwera Last Post, kulira kwa lipenga limodzi kokumbukira asilikali omwalira.

Aphunzitsi Luchenza: Imeneyonso ndimafuna kufunsa. Tilibe bugle.

Sajeni Wopuma: Simukuifuna. Bugle ndi lipenga lopanda mavalavu, limatulutsa manotsi asanu basi, mwa solofa ya Mayi ndi d s d m s kukwera. Koneti ya B fulati osadina kalikonse imatulutsa omwewo. Sankhani mwana mmodzi wa mtima wokhazikika, osati wodziwa kwambiri, koma wosanjenjemera anthu akamamuyang'ana. Aziyeserera mmawa uliwonse manotsi aatali. Asathamange, mipata ya mkatimo ndi mbali ya nyimbo. Ikatha, mphindi ziwiri za chete, ndipo muwauziretu ana a ng'oma kuti timitengo tigone pansi. Pali mwana amagwetsa nthawi imeneyo, chaka chilichonse, dziko lonse lapansi.

Junior wa pa Chonde: Funso la ine. Pamwamba pa pepala ndilembe dzina la ndani? Pulogalamu ikufunsa wopeka.

Mlembi wa ku Thekerani: Funso labwino. Za Alford zilibe vuto, anamwalira mu 1945, zaka zoteteza nyimbo zake zinatha. Koma chenjerani, munthu akaikonzanso nyimbo yakale posachedwapa, kakonzedwe kakeko ndi kake, simungangopanga fotokope. Tengani mipukutu yakale yeniyeni. Ya angangayi lembani kuti nyimbo ya a mtengatenga, monga anaiimbira mayi wakutiwakuti wa ku Limbuli, ataphunzira kwa bambo awo. Dzina lako Junior likhale pansi ngati wokonzera bandi. Mukadzafuna kuijambula n'kugulitsa, kafunseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo. Koma zonsezi zichitike eni ake atalola.

Ankolo a Tiyi: Ndipo mukapita musapite chimanjamanja. Shuga ndi tiyi ndipereka ine, tiyi ndiye sitisowa kuno.

Aphunzitsi Luchenza: Mavalavu a besi yathu akumata. Mwana wina anathira mafuta ophikira.

Sajeni Wopuma: Ndinadziwa. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wochepa, osati otentha, muumitse, ndikubweretserani mafuta ake Lachisanu. Valavu iliyonse ili ndi nambala, ibwerere m'nyumba yake. Mupezenso timapulasitiki tovekera mapepala, Novembala wa ku Thyolo mumamudziwa, inki ya fotokope ikanyowa manotsi amabereka ana.

Junior wa pa Chonde: Nayi yachitatu. 6/8, liwiro 69, yufoniyamu ikuyamba yokha. Yakhala yaifupi, mabala 16 obwereza katatu. Ikuoneka yosauka papepala, theka la tsamba ndi mipata.

Mayi a Kwaya Chitakale: Ndaimba nayo mpaka kumapeto, lilime silinapunthwe. Bala 11 yokha, notsi yachiwiri italikitse.

Mdzukulu wa Keyala: Ndawamvetsa. Ulendo uno sanaseke. Pomwe mahoni akulowa anayamba kuvomera okha, mawu omwe sindinawamvepo chibadwire, si aja ankang'ung'udza aja. Ndinathamangira kujambula koma ndinapeza theka. Alola kuti ana aiimbe, koma ati dzina lolemba papepala likhale la bambo awo, osati lawo. Atinso ilipo ndime yachitatu, ya Chilomwe, yotchula mitsinje yomwe anaoloka. Imeneyo akana kuimbira foni. Ati amene akuifuna abwere akhale pamphasa.

Aphunzitsi Luchenza: Loweruka ndili pa minibasi yoyamba ya ku Muloza, ndi mwana wa yufoniyamu ndi kope. Junior ndikupeza pa Chonde. Mayi, mukwerera pa Chitakale?

Mayi a Kwaya Chitakale: Mundisungire mpando wakutsogolo. Alipo wodziwa kulemba Chilomwe pakati panu, kapena ndibwere ndi apongozi anga?